Viniga wotsukuluzira tsitsi: mmene mabotolo anga ayendera ku Mabvuku

Loweruka, 2 Ogasiti 2025

Achemwali anga amandinena kuti ndimayesa zinthu zambiri, koma pakatha mwezi sindikumbukira chimene ndinathira m'botolo liti. Sananame. Ulendo uno ndizilemba.

Kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, madzi a pampopi timawaona mwa apo ndi apo, choncho osamba, ochapira ndi otsukira tsitsi timatunga pamjigo, umene anzathu achishona amautcha chibhorani. Ndi madzi aja osiya zoyera mbuu pansi pa ketulo. Ukawaphatikiza ndi sopo wamtanda wobiriwira, amene m'nyumba muno amagwira ntchito zonse, tsitsi limatuluka lokhakhala ngati chingwe cha khonje. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 amayamba kulira akangoona chipeso, ndisanamugwire n'komwe.

Mankhwala ake ndinawapeza kale. Litsiro lija limamata m'mbali mwa beseni ukasamba ndi sopo m'madzi a pamjigo ndi lomwelo limamata kutsitsi, ndipo viniga amalisungunula. Supuni yaikulu imodzi mu kapu ya madzi, kuthira m'mutu ukatha kutsuka, basi chipeso chimadutsa. Chovuta ndi fungo. Bambo a kunyumba akuti tsiku limene ndatsuka tsitsi m'nyumba mumamveka ngati pachiwaya cha tchipisi. Amayi, amene tikukhala nawo, anakaniratu: akuti iwo si kabichi. Ntchito yanga tsono ndi yoti viniga ameneyu anunkhire, mpaka amayi avomere kumuthira m'mutu.

Lero ndagula viniga woyera malita 2 pa $2.50, ndi viniga wa maapozi wosasefa, uja wamatope pansi, 500 ml pa $4. Kumsika wa ku Mbare ndapeza mtolo wa zumbani wouma, masamba onunkhira a chitsamba cha kutchire, pa $1. Chidede chouma, chimene kuno amachilemba kuti rosella, paketi $2. Makombi andidyera $3. Zonse $12.50. Rosemary andithyolera achemwali kumene amagwira ntchito ku Greendale, kumene anamubzala ngati mpanda. Minti ndi lemongrass ndi za kuseri kwa nyumba, kumene timataya madzi otsukira mbale.

Mabotolo ndi agalasi anayi, a mayonesi ndi a jamu. Ndawaphika m'madzi otentha n'kuwaumitsa. Loyamba: rosemary wamuwisi ndi theka la viniga wa maapozi. Lachiwiri: zumbani ndi viniga woyera. Lachitatu: minti ndi lemongrass zaziwisi, viniga woyera. Lachinayi: chidede ndi makoko a malalanje awiri, viniga woyera. Masamba ndinaika kufika pakati pa botolo, viniga mpaka m'khosi. Ndatseka, ndalemba manambala ndi utoto wa m'zikhadabo, ndabisa pansi pa kabati.

Lolemba, 11 Ogasiti

Lero ndi tchuthi cha Heroes, ndiye ndinali ndi mpata wotsegula mabotolo m'malo mongowakhutchumula mumdima monga ndakhala ndikuchitira m'mawa uliwonse. Awiri apita.

Botolo loyamba chitsekerero chinakana kutseguka mpaka ndinachigogoda ndi mpeni. M'kati mwake dzimbiri lokhalokha, ndipo madontho ake akhala akugwera pa rosemary. Viniga amene anali wofiirira bwino wasanduka wakuda bii, ngati madzi otsukira mphika. Chitsekererocho chinali chokalika kale m'kati, ndipo pokhutchumula tsiku ndi tsiku ndimachisambitsa ndekha ndi asidi. Viniga wa $2 ndamuthira kuchimbudzi.

Botolo lachitatu ndilo linandinyansa. Minti wasanduka wa mtundu wa ndiwo zogona. Zimenezo zokha si vuto, masamba obiriwira amatero akakhala mu zowawasa. Koma timitengo ta lemongrass tinali titatumphukira pamwamba pa viniga, ndipo nsonga zake zachita chuku choyera chaubweya. Ndinaganiza zochotsa pamwambapo n'kusunga zotsalazo, kenako ndinakumbukira kuti zimenezi zikupita m'mutu mwa mwana. Ndataya.

Awiri enawo apulumuka chifukwa zumbani ndi chidede zinali zouma, zinamwa viniga n'kumira zokha. Zitsekerero zake zinali zitayamba timadontho tofiira. Ndadula pepala lapulasitiki la buledi, ndalipinda kawiri, ndayala pakamwa pa botolo kenako n'kutseka. Amene muli ndi mabotolo a zitsekerero zapulasitiki yambirani pomwepo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndayambiranso botolo loyamba, koma ndi rosemary wouma. Ndinamuyanika palichero pamthunzi masiku asanu. Tsiku loyamba ndinangosiya poyera, mphepo ya Ogasiti inamuthira fumbi mpaka ndinachita kumutsuka n'kuyambiranso. Kenako ndinafunditsa lichero ndi katani yakale ya neti. Akauma bwino, tsamba limathyoka ukalipinda. Ndathiramo viniga wa maapozi amene anatsala, 250 ml, ndipo botolo langofika pakati.

Minti ndamusiya. Akauma fungo lake limachepa kwambiri, ndipo ndikuona kuti ngati ndikufuna minti ndidzagula mafuta ake.

Loweruka, 23 Ogasiti

Masabata atatu akwana. Ndasefa botolo lachiwiri ndi lachinayi. Sefa ya tiyi inadutsitsa tizinyalala, ndiye ndinabwereza ndi kansalu ka chitenje chakale kochapa bwino, n'kufinya. Musadumphe pamenepa. Kachidutswa ka tsamba kakalowa m'tsitsi lathu lopotanali kamatuluka mawa lake, anthu n'kumayesa mfundu.

Zumbani wandidabwitsa. Ndinamugula chifukwa ndi wotchipa ndiponso aliyense kuno amamudziwa kuyambira nthawi ya Covid, pamene anthu ankamwa ndi kufukiza usiku ndi usana. Sindinkayembekeza zambiri. Koma potsegula botolo, fungo linati guu, lofanana ndi mandimu osakaniza ndi tchire lonyowa, ndipo ukali wa viniga unabwerera m'mbuyo. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Anadzutsa mutu n'kunena kuti chikuwakumbutsa mpungabwi umene ankathamangitsira udzudzu kwawo ku Dedza ali mtsikana. Ndinawapatsa botolo kuti anunkhize. Ananunkhiza kawiri, anabweza osanena kanthu. Kwa amayi, kumeneko ndi kuyamikira.

La chidede ndi lokongola, lofiira psuu, ukaliika padzuwa limawala. Koma fungo palibe. Chidede chimapereka mtundu basi, ndipo malalanje akumveka patali kwambiri, ndi kuwawa kwina kochokera ku zoyera za m'kati mwa khoko. Ndikadasenda chachikasu chokha chapamwamba.

Madzulo ndatsuka tsitsi langa ndi la mwana, kutsukuluza ndi wa zumbani, supuni imodzi mu kapu ya 250 ml. Ndinayamba ndapaka pang'ono kuseri kwa khutu la mwana n'kudikira, sipanatuluke kanthu. Bambo polowa sanatchule tchipisi.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Ndinkafuna kudziwa ngati supuni imodzi sikuchuluka. Alamu anga, amene amasamalira madamu osambiramo kumayadi, anandibweretsera timapepala toyezera kuwawasa kwa madzi. Ndinaviika mu viniga wosasungunula, kenako mu wosungunula, kenako mu wosungunula kawiri. Tonse tinaonetsa mtundu umodzi. Nditawerenga pabotolo lake ndinapeza kuti timayambira pa 6.2 kupita m'mwamba, chifukwa madzi a m'damu sakhala owawasa. Chilichonse cha pansi pa pamenepo kwa ito n'chimodzimodzi.

Msuweni wanga amene amaphunzitsa sayansi anandipatsa timapepala tina toyeza kuyambira 1 mpaka 14, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti kuwawasa kukuchuluka. Viniga yekha anaonetsa cha m'ma 3 kapena kutsikirapo. Supuni imodzi mu kapu ya madzi a pamjigo, pakati pa 3 ndi 4. Thovu la sopo wobiriwira, cha m'ma 10. Khungu la m'mutu limakhala cha m'ma 5. Ndasankha kukhala pa supuni imodzi kwa akuluakulu, theka kwa mwana, ndipo pomaliza ndizithira kapu ya madzi okha.

Lachinayi, 4 Seputembala

Apa ndalakwa ndekha, ndipo ndalipira.

Dzulo madzulo amayi anavomera kuti ndiwatsuke m'mutu pokonzekera chigwirizano cha lero. Ndikadangotenga wa zumbani, amene anamukonda kale. Koma ndinkafuna kuti botolo lofiira lija lisapite pachabe, ndiye ndinasakaniza theka zumbani, theka chidede, ndiponso ndinapyoza mlingo poganiza kuti chidede n'chofatsa. Tsitsi linafewa bwino. Amayi imvi zawo ndi mutu wonse, koma kunali mdima, magetsi atazima, sindinaone kanthu. Kunkazizira, ndiye anamanga duku tsitsi lisanaume. Duku lake loyera la kuchigwirizano, limene anali atasita kale n'kulipachika pampando.

M'mawa ndinamva, "Iwe, tabwera kuno."

Anali ataima pazenera, duku lili m'manja. Pakati pake panali chibanga chofiirira chachikulu ngati mbale.

"Ichi n'chiyani?"

"Pepani amayi, ndi chidede chija."

"Ndiye ndipite kwa azimayi anzanga ngati ndinasenza nyama pamutu?"

Imvi nazonso zinali zitatenga kamtundu, kochepa koma kooneka padzuwa. Ndinathamanga ndi dukulo kubeseni n'kulipaka sopo, ndipo chibangacho m'malo mochoka chinasanduka chabuluu chotuwa. Msuweni uja anandiuza masana kuti utoto wa chidede umatero: mu zowawasa umafiira, ukakumana ndi sopo umatembenuka. Amayi anabwereka duku kwa anzawo a nyumba yachitatu, ine ndagula latsopano pa $2.

Lakalelo ndaliviika mu Jik, koma nditalitsukuluza kaye m'madzi atatu. Jik ndi viniga siziyenera kukumana, zimatulutsa mpweya wa klorini umene umapweteka m'maso ndi m'chifuwa. Ndikulemba izi chifukwa m'bafa mwathu mabotolo awiriwa ankakhala pashelefu imodzi. Ndawalekanitsa.

Chidede chatuluka m'ntchitoyi. Wotsalayo tikuthira pa saladi, ndipo kumeneko akukoma.

Loweruka, 13 Seputembala

Zumbani amanunkhira bwino potsuka, koma achemwali akuti ndi fungo la chipatala cha kumudzi, iwo akufuna la "kusaluni". Ndiye sabata ino ndinalowa m'tauni kukasaka mafuta onunkhira ochokera ku zomera.

Poyamba ndinagula timabotolo tiwiri pa $1 kalikonse m'kashopu kena kumunsi kwa tauni, tolembedwa lavender ndi rose. Ndili mu kombi ndinayamba kukayika: duwa la rose mafuta ake ndi okwera mtengo kwambiri, angagulitsidwe bwanji mtengo umodzi ndi lavender? Kunyumba ndinawerenga timalemba tating'ono kumbuyo. Ndi mafuta oika pa kambale ka kandulo kuti m'nyumba mununkhire, ndipo analemberatu kuti asakhudze khungu. Ndinadontheza papepala loyera, mawa lake panali bwalo lamafuta noninoni. Cholakwa ndi changa, sindinawerenge. Tikununkhiritsa kuchimbudzi.

Ndinabwerera kufamase n'kugula enieni, a 10 ml: peppermint $5, lavender $6, malalanje otsekemera $4. Pa botolo lenileni pamalembedwa dzina la chomeracho m'Chilatini, ndipo botolo limakhala lagalasi lakuda lokhala ndi kodonthezera. Dontho la lavender papepala linauma osasiya banga. $15 kuphatikiza $2 yotayika. Bambo sindinawauze zonse.

Lamlungu, 14 Seputembala

Ngati mukuwerenga modumpha, pano pokha musadumphe.

Titabwera kutchalitchi ndinasungunula viniga wa zumbani m'botolo la 500 ml, supuni ziwiri, madzi mpaka kudzaza. Ndinadonthezamo peppermint madontho 10. Ndinakhutchumula, zinaoneka zosakanikirana, ndinaika pansi n'kuyamba kutsuka tsitsi. Kutsukako kunatenga mwina mphindi 10. Kenako ndinawerama pabeseni, ndinatsegula botolo n'kuthira pakati pa mutu.

Poyamba kunangozizira. Kenako kuzizirako kunasanduka moto. Kunatsikira kuseri kwa makutu, m'khosi, ndipo kadontho kena kanayenderera pachipumi mpaka m'kona mwa diso. Ndinakuwa. Mwana anabwera akuthamanga, ndinamuuza kuti azingondithira madzi kumaso osaleka, ndipo tinatha chigubu cha malita 20 chimene ndinatunga m'mawa. Diso linapola patatha kanthawi, koma m'mutu ndi m'khosi madzi sankathandiza. Achemwali pafoni anati, "Tenga mafuta ophikira upake, upukute, kenako sopo." Zinathandiza. Mafuta amachoka ndi mafuta anzake. M'diso mokha ndimo muyenera madzi okhaokha, ambiri.

Nditakhala pansi ndinapanganso botolo lina n'kuliika pazenera kuti ndione. Mphindi ziwiri zisanathe, timadontho tonse tinali titakwera pamwamba n'kugwirana kukhala kadziwe kamodzi konyezimira. Mafuta amenewa sasungunuka m'madzi, ndipo mu viniga sasungunukanso, pajatu viniga wa m'sitolo ndi asidi magawo 5 okha pa 100, kwinako ndi madzi. Zimene ndinadzithira si madontho 10 omwazikana mu theka la lita. Ndi madontho 10 osasungunula, onse pamalo amodzi, pakhungu limene ndinali nditangolikanda ndi zikhadabo potsuka.

Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti ndinkafuna kuyamba ndi mwana, koma anali akudya.

Kuseri kwa makutu kukadali kofiira.

Loweruka, 20 Seputembala

Sabata yonse ndakhala ndikuyesa njira zoti mafuta asamayandame. Ndinandandalika matambula pazenera, lililonse madzi a viniga ndi madontho atatu a lavender, kuti peppermint ndisamuonenso kaye.

Glycerine, amene timadzola m'nyengo yozizira: ndinasakaniza ndi mafutawo kaye kenako n'kuthira m'madzi. Zinachita mtambo pang'ono, patatha mphindi zochepa mafuta pamwamba. Mchere: chimodzimodzi, umangosungunuka n'kuwasiya okha. Uchi unachedwetsako, koma m'mawa kadziwe kanali pompo, ndi nyerere zomwe. Wina anandiuza kuti mowa waukali kwambiri umasungunula mafutawa, n'zoona, koma nditangotchula kachasu amayi anati, "M'nyumba muno? Ine ndili moyo?" Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chagwira ntchito ndi polysorbate 20. Ndinaipeza m'shopu ina m'tauni yogulitsa zopangira sopo wamadzi ndi mafuta odzola, 100 ml pa $3, nditafunsa m'mashopu anayi. Ndi yamadzimadzi, yachikasu, yonanda ngati mafuta ophikira. Kachitidwe kake n'kofunika: umasakaniza ndi mafuta onunkhirawo poyamba, paokha, mpaka zikhale chinthu chimodzi, ndipo pamenepo m'pamene umathira viniga pang'onopang'ono uku ukutakasa. Ukaithira pambuyo, m'madzi momwe muli kale mafuta, siigwira bwino. Mlingo wofanana, dontho pa dontho, madzi anachita mkaka ndipo mawa lake panali kamzere pamwamba. Magawo anayi a polysorbate pa gawo limodzi la mafuta, madzi anakhala oyera ndipo patha masiku atatu palibe choyandama.

Kolakwika kena kakang'ono: ndinasakanizira mafuta a malalanje m'kachikho ka yogati, ndinapita kukaphula nsima, pobwera pansi pake panali patafewa n'kumamata kusupuni. Mafuta a makoko a malalanje amadya pulasitiki wa mtundu umenewo. Tsopano ndikusakanizira m'tambula yagalasi.

Loweruka, 27 Seputembala

Botolo la rosemary ndinaliiwala pansi pa kabati masabata asanu ndi limodzi. Politulutsa ndinapeza pamwamba pali chinthu choterera, chotuwa, chozungulira ngati chikhatho cha mwana. Ndinatsala pang'ono kutaya kachiwiri. Koma chinalibe ubweya ngati chuku chija, ndipo fungo linali labwino. Ndi chimene amachitcha mayi wa viniga. Chimamera mu viniga wosasefa akapeza mpweya, ndipo botolo langa linali lofika pakati. Sichoopsa. Ndachivuula ndi supuni yamtengo n'kusefa.

Rosemary mu viniga wa maapozi fungo lake ndi lolemera, koma la maapozi owola limapitirirabe pansi pake, ndipo tsitsi likanyowa ndi thukuta limabwerera. Viniga woyera alibe khalidwe limeneli, ndipo mtengo wa 500 ml ya wa maapozi ungagule malita atatu a woyera. Pa tsitsi langa sindinaone kusiyana. Anthu amamutama wa maapozi, mwina ali ndi zifukwa zawo, koma ine sindidzamugulanso pa ntchito iyi.

Ndaviika zumbani wina ndi rosemary wouma pamodzi mu viniga woyera lita imodzi, botolo lodzaza, chitsekerero chapulasitiki. Zumbani $1, viniga $1.50.

Loweruka, 11 Okutobala

Kwatentha. M'tauni majakaranda achita maluwa, kuno ndi fumbi ndi mizere pamjigo.

Pofuna kudzichepetsera ntchito ndinasungunuliratu malita 2 m'botolo la Mazoe n'kusiya m'bafa. Patatha masiku khumi madzi achita mtambo, pansi pali zoterera, fungo lasintha. Viniga yekha amadzisunga, koma ukamuthira madzi a pamjigo ochuluka chotere mphamvu yodzisunga imatha. Kuyambira lero m'bafa muzikhala botolo la viniga wosasungunula, supuni ndi kapu. Kusungunula ndi tsiku lomwelo, chotsala kutaya.

Achemwali nawo abwera ndi dandaulo. Anaika mankhwala owongola tsitsi Lachisanu, anawawotcha pang'ono pamphumi monga amachitira, ndipo Loweruka anathira viniga wanga. Akuti anavina osaimbiridwa. Ndinaiwala kuwachenjeza: pakhungu pali bala, chilonda kapena pamene mwakanda kwambiri, dikirani papole.

Loweruka, 18 Okutobala

Masiku a Loweruka ndimaluka anthu pakhonde. Pali mtsikana wina amene nthawi zonse akalukitsa meshi amabwera pakatha masiku atatu akudzimenya m'mutu ndi chikhatho, m'mphepete mwa tsitsi muli timatuza. Sabata yatha ndinamuuza abweretse meshi yake kutatsala tsiku limodzi kuti ndimuluke. Ndinaiviika osamasula kamphira kake m'beseni la madzi ofunda, makapu anayi a madzi pa kapu imodzi ya viniga, kwa mphindi 20. Pamwamba panayandama zoyera ngati mafuta a pa msuzi wozizira. Ndinatsukuluza, ndinayanika pachingwe usiku wonse.

Ndinawononga kapu yathunthu ya viniga wa zumbani pa ntchito imeneyi, ndipo meshi itauma sinkamveka zumbani ngakhale pang'ono. Apa woyera wamba akwanira. Mtsikanayo wanditumizira uthenga pa WhatsApp Lachitatu kuti sakuyabwa. Ndi munthu mmodzi, ndiona kwa ena.

Lamlungu, 26 Okutobala

Ndasefa lita ija ya zumbani ndi rosemary patatha milungu inayi, yatuluka pafupifupi 800 ml, yotsalayo yamwedwa ndi masamba. Ndagawa patatu. Botolo la mwana ndi amayi, 300 ml, lopanda mafuta alionse. La achemwali, 250 ml: lavender madontho 15, malalanje madontho 10, zosakaniza kaye ndi supuni yaing'ono imodzi ya polysorbate. Langa, 250 ml: lavender 20, peppermint 5, polysorbate chimodzimodzi. Pa mlingo umenewu supuni yaikulu iliyonse imanyamula dontho limodzi ndi theka, ndipo likumwazikana mu kapu yonse. Peppermint akungozizira pang'ono mokoma. Kwa mwana sindimuika ngakhale dontho.

Kenako ndinachita chimene ndikadayamba nacho mu Ogasiti. Tonse anayi tinatsuka m'mawa, aliyense ndi botolo lake, koma ine mwadala ndinatsukuluza ndi viniga woyera wamba, wopanda tsamba kapena mafuta. Madzulo tsitsi litauma ndinaitana bambo kuti anunkhize mitu n'kunena wa tchipisi ndi uti. Anazungulira, ananunkhiza, amayi akuwayang'ana ndi diso lakumbali mpaka anangodutsa mutu umenewo mwaulemu. Pa achemwali anati pakumveka kamaluwa patali. Pa mwana anati sopo. Pa ine anaima nthawi yaitali n'kunena kuti, "Apa ndiye mwathira zodula zija."

Sanamve viniga pa mutu uliwonse. Fungo lake limauluka tsitsi likamauma, ndipo la masamba ndi mafuta limauluka nalo pafupifupi lonse. Zimene ndakhala ndikulimbana nazo miyezi itatu ndi mphindi 15 za m'bafa ndi ola limodzi la tsitsi lonyowa. Sindikuti n'zachabe: mphindi zimenezo ndi zimene zinkachititsa amayi kukana, ndipo pano amachita kufunsa okha botolo lawo. Koma ntchito imeneyo anaigwira zumbani wa $1 pa 23 Ogasiti. Ndawerengera zonse kuyambira poyamba, zafika $37, osawerengera makombi a Seputembala. Pa ndalama imeneyi $20 yapita ku mafuta ndi polysorbate, ndipo chimene yagula ndi kamaluwa kapatali pamutu pa achemwali.

Loweruka, 8 Novembala

Ndinayesa kutsukuluza kawiri pa sabata, nsonga za tsitsi zinayamba kuuma n'kumathothoka pachipeso. Ndabwerera kamodzi, ndipo ndikatha ndimadzola mafuta tsitsi likadali lonyowa pang'ono. Mwana masiku ano amakhala pampando mpaka ndimalize kumupesa, amangodandaula pofika kumbuyo kwa khosi.

Mabotolo a mafuta atatu aja akadali odzaza kupitirira theka. Ndawaika m'chitini pamwamba pa wadiropu, kumene mwana safika. Achemwali akuti awagula pa theka la mtengo, tikukambirana.

Mvula yagwa kawiri sabata ino. Yoyamba ndinaisiya itsuke denga, yachiwiri ndatchera mabeseni awiri ndi ndowa. Ndaphika madzi amenewa mu ketulo, pansi sipanatsale zoyera, ndipo sopo akuchita thovu ndi kungomukhudza. Mawa nditsuka theka la mutu wa kumanzere ndi viniga, la kumanja ndi madzi a mvula okha, ndione ngati m'dzinja muno botolo likufunika n'komwe. Amayi akuti ndiyesere pamutu panga, ndipo duku lawo alitsekera m'sutikesi.